Mankhusu a M'chifuwa mwa Tidyenji

Kalekale, mbuzi zisanaleke kuyankhula ndi anthu, panali mudzi wina patsinde pa phiri. M'mudzimo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kutsokomola.

"Tili tonse!"

Muli nane zoona? Iwe Lekeleni, sendera kuno, utsi ukukulondola, taona maso afiira kale. Mwakhala mukundiseka ine malume anu kuti ndimatsokomola ngati nkhosa yokalamba. Sekani lero lomweli, chifukwa mukamva kumene tinachitenga chinthu chimenechi, kusekako muleka.

Ndati anthu a nthawi imeneyo sankatsokomola. Musaganize kuti unali mwayi, ayi. Pakhosi pawo panali ngati khomo lopanda chitseko. Fumbi likalowa, lakhala. Utsi ukalowa, wakhala. Kachidutswa ka chakudya kakaphonya njira, kakhala. Chifuwa chinkadzaza pang'onopang'ono, mpweya n'kusowa podutsa, munthu n'kuzima mwakachetechete, ngakhale wogona naye mphasa imodzi osamva kanthu.

N'chifukwa chake anthuwo ankasamala kwambiri. Kuphika ankaphikira panja. Kusesa ankayamba awaza madzi. Chakudya chawo chinali mawere, ndipo kupeta mawerewo ankapetera padwale, mwala waukulu wosalala umene unali kumtunda kwa mudzi, mphepo ili kumsana.

Padwalepo panali mwambo wake. Mayi akakweza lichero, mankhusu n'kuuluka, aliyense woona mankhusuwo ankaloledwa kupita kukatambasula dzanja. Wopetayo ankamudzazira mawere dzanja limodzi. Osafunsa, osanyinyirika. Koma mayi wobisa mawere n'kumadya yekha, akazi anzake ankamuthyolera lichero pamaso pa anthu. Kuyambira tsikulo palibe ankamupalitsa moto, palibe ankamutula mtsuko pamutu, ndipo maliro akamugwera ankalira yekha.

Ndiye kunagwa chaka choipa. Mvula inangonunkhiza dothi n'kupita. Mawere anauma asanabereke. Amuna anamwazikana kukasuma chakudya kumaiko akutali, ndipo ambiri sanabwerere. Nkhuku zinadyedwa. Mbuzi zinadyedwa. Padwale panakhala zii, abuluzi okha akuothera dzuwa.

M'mudzimo munali akazi awiri a bere limodzi. Wamkulu anali Msatida. Iye anali ndi ana aakazi awiri, Mwandida wa zaka zisanu, ndi khanda la kumsana dzina lake Ulanda. Analinso ndi mbuzi imodzi yokalamba ya nyanga yothyoka, yokhayo yotsala m'dera lonselo. Sanaiphe chifukwa timadontho ta mkaka wake ndi timene tinkasunga khandalo.

Wamng'ono anali Ndaziona. Iyeyu anabala ana anayi, atatu n'kuwakwirira, n'kutsala ndi kamtsikana kamodzi ka zaka zitatu, Tidyenji. Ankamukonda mwanayo chikondi cha mantha. Mwana akapunthwa chala, amene ankalira anali mayi.

Ndaziona anali ndi chinsinsi. Kutali kudambo, kuseri kwa chulu, anali atafesa mawere pang'ono pamalo a chinyontho, osauza munthu. Mawere amenewo okha anabereka. Anadula ngalazo, n'kuzisenza mumtanga atavundikira udzu pamwamba. Atafika anakumba dzenje m'nyumba, n'kuikamo mtsuko waukulu wodzaza ngala, n'kuyalapo mphasa.

Anakhala pamphasapo n'kumaganiza. "Ndikakwera nazo padwale, mudzi wonse ubwera. Dzanja ili, dzanja ilo, dzanja lija, tsiku limodzi mtsuko wauma. Nanga Tidyenji wanga adzadya chiyani? Ndakwirira atatu ine. Wachinayi sindikwirira."

Ndiye anachita chimene panalibe mkazi anachichitapo chiyambire mudziwo. Anapetera m'nyumba.

Anatseka chitseko. Anamata ming'alu yonse ndi dothi. Anatsekera udzu m'mipata ya pansi pa denga kuti utsi usatuluke. Anafikisa ngala m'manja. Anapeta. Anapera pamphero pang'onopang'ono kuti mwala usamveke. Anakoleza kamoto pakati pa nyumba n'kuphika phala.

Ankadziwa kuopsa kwake, sanali wopusa. Iye mwini ankadzimanga nsalu pamphuno ndi pakamwa. Nanga mwana? Akanamusiya panja akanalira pachitseko, anthu n'kubwera kudzafunsa. Ndiye ankamugoneka pamphasa n'kumufunditsa nsalu mutu wonse. Koma inu mukudziwa mmene mwana amagonera. Iwe Dziwenji, mmawa uliwonse chofunda chako timachipeza kumiyendo. Tidyenji nayenso ankakankha nsalu ija, n'kugona kukamwa kuli yasa, mankhusu ndi utsi zikuzungulira m'nyumba zosowa potulukira.

Tsiku ndi tsiku zinali zomwezo. Kutseka, kumata, kufikisa, kupeta, kupera, kuphika. Akatha ankathira madzi pamafuwa, n'kukwirira phulusa ndi mankhusu m'dzenje, kenaka n'kutsegula chitseko, nkhope atayikwinya ngati wa njala.

Tsiku lina Msatida anafika.

"Odi, mng'ono wanga!"

"Lowani, achemwali."

"Mng'ono wanga, Mwandida sakudzuka pamphasa. Kapena uli ndi kanthu, ngakhale gaga wa m'makona?"

"Kalanga ine achemwali! Ndikanakhala nako ndikanakubisirani inu? Takhudzani mafuwa angawa, azizira ngati miyala ya kumtsinje."

Msatida anakhudza mafuwa, n'kubwerera.

Patapita masiku atatu anafikanso.

"Odi, mng'ono wanga! Bwanji masiku ano ukumadzitsekera dzuwa likuswa mtengo?"

"Kuwala kukumupweteka mwana m'maso, achemwali."

"Mwandida wasiya kulira. Akungondiyang'ana."

"Kalanga ine achemwali! Ndikanakhala nako ndikanakubisirani inu?"

Msatida anabwerera.

Kachitatu anafika akudzandira, khanda kumsana. Anayang'ana Tidyenji nthawi yaitali.

"Wakoyu bwanji sakuonda?"

"Kumeneko n'kutupa, achemwali, kutupa kwa njala. Ndikanakhala nako ndikanakubisirani inu?"

Mmawa mwake Mwandida anamwalira.

Pamaliropo amene analira kuposa onse anali Ndaziona. Anadzigwetsa pansi, n'kumakumba dothi ndi zala. Ndipo ndikuuzeni, ana inu, misoziyo inali yeniyeni. Ndi pamene nkhaniyi imandipweteka ine. Ankamukonda Mwandida, ndi iye anamudula mchombo. Mumtima ankati, "Mawa ndikwera padwale ndi mtsuko uja." Koma kutacha anaona kuti sizitheka. Akanaulula tsopano, anthu sakanangonena kuti wamana. Akananena kuti wapha. Ndiye anatsekanso chitseko, n'kumata ming'alu mokhwimitsa kuposa kale.

"Tili tonse!"

Sipanapite masiku ambiri, Tidyenji anasiya kusewera. Akayenda pang'ono ankakhala pansi befu, befu. Kenaka kupuma kwake kunayamba kulira fyoo, fyoo, ngati bango lobooka. Milomo inatuwa. Phala lija analikana.

Ndaziona anagunditsa khutu pachifuwa cha mwana. Anamva tswa, tswa, tswa. Anali mankhusu. 

Anamugwira mwana miyendo n'kumuzondotsa, n'kumugwedeza. Sikanatuluke kanthu. Anamumwetsa madzi chikho chonse. Madzi anapita m'mimba, njira yake ndi ina. Anaika pakamwa pake pamphuno ya mwana n'kuyamwa ndi mphamvu zonse. Sikanatuluke kanthu.

"Puma, Tidyenji! Puma, mayi wanga!"

Mwana anangoti fyoo, fyoo.

Kutangocha, Ndaziona anamubereka n'kuthamangira kutsidya la mtsinje, kumene kunkakhala sing'anga wina wokalamba. Minga inamubaya, osaimva. Anafika n'kugwada.

"Gogo, ndithandizeni, mwana wanga akutha!"

Sing'anga anamvetsera chifuwa cha mwana. "Chalowa n'chiyani, mayi?"

"Fumbi la pabwalo, gogo."

Sing'anga ananunkhiza pakamwa pa mwana. "Mayi, mwanayu akununkha mawere."

"Mawere chaka chino ndingawaone kuti ine, gogo?"

Taonani mmene chinsinsi chimamangira munthu lilime. Mwana akufa m'manja, iye akunamabe.

Sing'anga anapukusa mutu. "Bisani, nkhani ndi yanu. Ngakhale mukananena zoona, muzu wotulutsa zolowa m'chifuwa ine ndilibe, ndipo palibe ali nawo. Mwanayu dzuwa la lero salionanso likulowa."

Ndaziona anamugwira sing'anga miyendo. "Gogo, tengani mkanda wangawu, tengani khasu langa, tengani ine ndemwe ndikhale kapolo wanu! Ndakwirira atatu!"

"Ndisiyeni miyendo, mayi. Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikudabwa nacho moyo wanga wonse. Mbuzi imadya mphuno ili m'fumbi kuyambira mmawa mpaka madzulo, koma sindinamvepo kuti mbuzi yafa ndi fumbi. Kafunseni mbuzi."

Ndaziona ananyamula mwana wake. Mbuzi yotsala inali imodzi yokha, ndipo inamangidwa pabwalo la mkulu wake.

Anabwerera akuthamanga, mwana kumsana, mutu uli lende. M'njira monse ankaimba nyimbo. Ine ndikamatsogolera, inu muzivomera kuti "Puma, puma."

Tidyenji mwanawe,
Puma, puma.
Anatseka chitseko ndi ine,
Puma, puma.
Ndinatsekera mphepo kunja,
Puma, puma.
Ndimati ndikusunga mwana,
Puma, puma.

Anafika m'mudzi dzuwa lili paliwombo. Anabisala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu mpaka anaona Msatida akunyamula mtsuko kupita kuchitsime ndi akazi anzake. Pamenepo anakwawira pamene panali mbuzi, n'kugwada m'fumbi, n'kuomba m'manja.

"Amayi a nyanga, ndagwira mwendo wanu."

Mbuzi inapitiriza kubzikula. Inamuyang'ana ndi diso limodzi.

"Lero wandigwadira? Dzana unandigenda mwala pamene ndinkanunkhiza pachitseko chako."

"Ndinalakwa, amayi."

"Anthu ungawanamize, koma mphuno ya mbuzi sunganamize. Ndinamva fungo la mawere kuyambira tsiku loyamba. Mwandida ankandigwira nyanga yothyokayi n'kumandiimbira. Ukufuna chiyani kwa ine?"

Ndaziona anamasula mwana n'kumugoneka patsogolo pa mbuzi. "Ndiuzeni chifukwa chake fumbi silikuphani."

Mbuzi inameza. "Pakhosi panga pamakhala kamsesi. N'kakang'ono, kali ndi katsache kake. Nthawi zambiri kamagona. Koma chinthu chachilendo chikangolowa, kamadzuka, kamasesa, kamasonkhanitsa, n'kuponya kunja. Tamvera." Ndiye mbuzi inati, "Khoso! Khoso!" Fumbi linatuluka.

"Mugawireni mwana wanga, amayi!"

"Kugawa sikovuta, kamaswana ngati nsabwe. Ndikangomupumira kumaso, kalowa. Koma uyambe wamva khalidwe lake. Kamsesi aka sikadziwa kunong'ona. Kakamagwira ntchito, mudzi wonse umamva. Ndiponso chimene chinalowa kamachitulutsa momwe chinaloweramo, pamaso pa aliyense amene alipo. Mawere atuluka mawere."

Ndaziona anayang'ana njira ya kuchitsime. "Ndikumasuleni chingwe tipite kuthengo, amayi. Kumeneko kulibe anthu."

"Chingwe ichi anamanga ndi mwini wanga, amasula ndi mwini wanga. Komanso tamvera mwana wakoyo. Kuthengo safikako."

"Ndiye tilowe m'nyumba mwanga, nditseke chitseko!"

"Chitseko chomwecho?" inatero mbuzi. "Iwe mkazi, sunakhute nacho?"

Nthawi yomweyo mawu a akazi anamveka. Ankabwera kuchokera kuchitsime, mitsuko pamutu, Msatida ali patsogolo. Anali atafika kale pamtengo wa mkuyu.

Ndaziona anaimirira, n'kugwadanso. Ananyamula mwana kuti athawe, n'kumuikanso pansi. M'maganizo mwake anaona lichero lake likuthyoledwa. Anaona nyumba yake yopanda moto. Anaona maso a mkulu wake. Ndipo ali m'kati moona zonsezo, anazindikira kuti kulira kuja kwa fyoo, fyoo kwaleka. Maso a Tidyenji anali atatembenuka, oyera okhaokha.

"Mpatseni!" anakuwa Ndaziona. "Mpatseni, amayi! Andithyolere lichero, andithyole ndi msana womwe! Mpatseni!"

Mbuzi inaweramitsa mutu kumaso kwa mwana. "Khoso!"

Zii.

Akazi aja anafika pabwalo n'kuima. "Kwagwanji? Make Tidyenji, wakuwiranji?"

Mwana anali gone, osagwedezeka. Ndaziona anamunyamula n'kumukumbatira. "Mwandinamiza, amayi! Mwandinamiza!"

Pamenepo kachifuwa ka mwana kanatukuka. Kanatsika. Kanatukukanso.

"Khoso!"

Akazi analumpha. Chibadwire anali asanamvepo munthu akutulutsa mawu otero. Mitsuko iwiri inagwa n'kusweka.

"Khoso! Khoso! Khoso!"

Poyamba panatuluka makhololo akuda bii ndi mwaye. Kenaka panatuluka mankhusu. Anauluka m'mwamba, mphepo n'kuwatenga, n'kuwamwaza pabwalo ponse. Ena anagwera pamapazi onyowa a Msatida n'kumatirira.

Msatida anatula yekha mtsuko wake. Anawerama. Anatola mankhusu, n'kuwafikisa pakati pa zala, n'kununkhiza.

"Mawere," anatero chapansipansi.



"Mawere a chaka chino." Anayang'ana mng'ono wake. "Kuyambira liti?"

Ndaziona anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake aja a masiku onse, koma mwana anati, "Khoso!" mankhusu ena n'kugwera pamiyendo pake.

"Kuyambira Mwandida ali moyo, achemwali," anatero. "Pansi pa mphasa yanga pali mtsuko. Tsiku limene munakhudza mafuwa anga, munaima pamwamba pake."

Akazi anakuwa onse pamodzi. "Mfiti! Wodya yekha! Katengeni lichero lake! Tithyole!" Wina anathamangira kunyumba kwa Ndaziona n'kubwera nalo.

Koma Tidyenji anali akadatsokomola, ndipo tsopano anayamba kubanika, chifukwa mankhusu anaunjikana pakhosi. Ndaziona anasowa pogwira. Msatida anayandikira, n'kumulanda mwanayo.

"Achemwali, ayi! Ipheni ine! Mwana musamuchite kanthu!"

Msatida sanamuyang'ane n'komwe. Anakhala pansi, n'kumugoneka mwana chafufumimba pamaondo ake, mutu chakunsi, n'kuyamba kumusisita ndi kumumenya pang'onopang'ono kumsana.

"Tulutsa, mwana wanga. Tulutsa zonse. Iwe sunatseke chitseko."

"Khoso!"

"Tulutsa."

"Khoso! Khoso!"

"Eya, tulutsa."

Misozi ya Msatida inkagwera pamsana pa mwanayo, koma dzanja silinaleke. Potsiriza Tidyenji anakoka mpweya wautali, wopanda phokoso, n'kulira kulira kwenikweni kwa mwana.

"Amayi, ludzu!"

Msatida anamumwetsa madzi a mumtsuko wake, n'kumupereka kwa mayi ake. Kenaka anaimirira n'kuyang'ana mkazi amene anagwira lichero uja, bondo atalikweza kale kuti athyole.

"Taima kaye. Tikathyola tipetera chiyani? Mankhusu auluka, tonse tawaona ndi maso athu. Nanga mwambo umati chiyani mankhusu akauluka?"

Akazi anayang'anana. Mmodzi anati, "Timapita kukatambasula dzanja."

"Ndiye tiyeni padwale. Iwe make Tidyenji, katenge mtsuko wa mawerewo."

Ndaziona anafukula mtsuko, n'kuusenza yekha, popanda womutwika. Anakwera padwale mudzi wonse uli pambuyo pake, okalamba akukwawa, ana atanyamulidwa. Anafikisa ngala. Anakweza lichero, mphepo ili kumsana. Mankhusu anauluka.

Dzanja linatambasuka, analidzaza. Lina linatambasuka, analidzaza. Panalibe wothokoza, panalibe wotukwana. Mawere ankatsika mumtsuko, manja akubwerabe.

Wotsiriza anali Msatida. Anatambasula dzanja. "Langa." Ndaziona anadzaza, Msatida n'kuthira m'nsalu. Anatambasulanso. "La Ulanda." Anadzaza. Ndiye anatambasula kachitatu.

Ndaziona anamuyang'ana.

"La Mwandida," anatero Msatida.

Ndaziona anakokota m'lichero, n'kudzaza dzanjalo, mawere ena akutayikira pamwala. Msatida sanawathire m'nsalu. Anagwira dzanja la mng'ono wake, n'kulitembenuza, n'kuthiramo mawerewo, n'kumufumbatitsa zala chimodzichimodzi.

"Kampatse wekha. Ukamuuze chimene achedwera."

Ndaziona anatsika padwale dzanja ali fumbate. Anayenda yekha mpaka m'mphepete mwa nkhalango ya manda. Anagwada pamenepo. Anayesa kuyankhula, mawu osatuluka. Anayesanso, osatuluka. Chimene chinatuluka chinali "Khoso!" chifukwa kamsesi kaja kanali katalowa kale mwa iyenso pamene ankakumbatira mwana. Anatsokomola, akulira, anatsokomola, akulira, mpaka zala zinafumbatuka zokha, mawere n'kumwazika pansi. Mvula itabwera anamera pamenepo, ndipo chaka ndi chaka ankamera okha. Palibe munthu anawadulapo.

Tidyenji anachira, anakula, anakalamba. Lichero la amayi ake silinathyoledwe. Msatida ankamupalitsa moto Ndaziona, ankamutula mtsuko pamutu, ndipo atadwala anamudwazika. Koma mawu akuti "mng'ono wanga" sanatulukenso pakamwa pake mpaka kufa. Ankangoti "make Tidyenji." Ndaziona ankatchera khutu tsiku lililonse kudikira mawu amenewo, ndipo kudikirako kunamupweteka kuposa lichero lothyoka.

Nanga kamsesi kaja? Mbuzi inanena zoona, kanaswana. Msatida anakatenga pamene ankamusisita mwana. Akazi amene anawerama kudzaona anakatenga. Amuna amene anabwerako kosuma anakapeza, n'kukapititsa kumidzi ina. Lero aliyense amabadwa nako. Ukapuma fumbi la kumunda, kamadzuka. Ukakhala mu utsi, kamadzuka. Ukadya mothamanga ngati Dziwenji, chakudya n'kuphonya njira, kamadzuka. Chimfine kapena nthenda ina ikalowa m'chifuwa, kamasesa usana ndi usiku kufuna kuitulutsa, ndipo zimene katulutsazo zikagwera kumaso kwa mnzako, nayenso nthendayo yamulowa. Ndiye muziphimba pakamwa, si inu mbuzi. Kakasesa masiku ambirimbiri osaleka, dziwani kuti mwalowa chinthu chokaposa mphamvu, pitani kwa odziwa, ndipo akakufunsani kuti chalowa n'chiyani, musakaname ngati Ndaziona.

Ukuti chiyani, Lekeleni? Kanga bwanji sikagona? N'kaliwo wa fodyayu. Ndimakathira utsi dala, ndiye kamanditukwana mmawa uliwonse, mudzi wonse n'kumva. Kubisa sindingabise. Yesani inu kubisa kutsokomola muone ngati mungathe.

Nthano yanga ndaipeta yonse, m'lichero simunatsale kanthu, yathera pomwepa. Chimene watsekera abale ako kunja kuti udye wekha, amabanika nacho ndi mwana wako yemwe.